Chipewa cha a Sufiyani

Ketulo inali itangoyamba kulira pambaula, ine nditagwira chipewa cha mphunzitsi wina wopuma ntchito pamwamba pa nthunzi, pamene munthu anaima pakhomo n'kunditsekera kuwala. Sindinadzutse mutu. Ubweya wa chipewa ukafewa sudikira munthu; ukangochedwa pang'ono umaumanso ndi makwinya ake omwe.

"Odi kuno."

"Lowani, ndikumaliza," ndinayankha, zala zikuwongola mlomo wa chipewa.

"Malizani. Ine sindifulumira."

Zala zanga zinaima zokha. Mawu aja anali atakalamba, atatsika pang'ono, koma kakokedwe kake kanali komweko. Nditatembenuka ndinaona mayi wamtali wofunda mpango woyera, magalasi okhuthala ali m'maso, jumbo yakuda ataikumbatira pachifuwa. Anali Fauzia, mwana wa malemu a Sufiyani. Tinali tisanakhalepo m'chipinda chimodzi kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.

"Mayi a Faruku," ndinatero, pakuti ndinkadziwa dzina la mwana wake woyamba. "Mwatiyendera. Khalani apa."

"Zikomo, a Timoteyo. Muli bwanji kuno?"

"Tilipo, kaya inu ku Ngala?"

"Alhamdulillah, tikudzuka."

Ndinampatsa mpando wanga, ine n'kukhala pa bokosi la zipangizo. Anakweza maso n'kuyamba kuyang'ana khoma, pang'onopang'ono, monga amayang'anira munthu amene maso akumuvuta. Pakhomapo pali misomali makumi awiri ndi isanu ndi umodzi, ndipo msomali uliwonse uli ndi chipewa chake: zipewa zaubweya zija amuna ankabwera nazo kuchokera ku Joni ndi ku Halale, zimene anthu ankangozitcha mawilisoni. Zambiri ndinachita kupatsidwa ndi akazi amasiye amene sankafuna kuzitaya komanso sankafuna kuziona. Pansi pa chilichonse ndinalemba ndi choko dzina la mwini wake. Masiku ano ozivala ndi ochepa. Amabwera madoda angapo, ovina malipenga akakhala ndi mpikisano, ndi akwati ofuna kujambulitsa atavala ngati agogo awo. Ine ndimavala chotuwa, tsiku lililonse, ngakhale popita kogula tomato.

"Mwasonkhanitsa mudzi wonse," anatero Fauzia.

"Sasokosa. Amangofuna bulashi Loweruka lililonse."

Anamwetulira pang'ono, kenaka anamasula jumbo ija. Chipewacho ndinachidziwa chisanatuluke chonse. Chinali chofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, liboni yake yakuda itasuluka, pamwamba chitaphwanyika ngati china chake cholemera chinachigonera zaka zambiri. Njenjete zinali zitaboola mlomo wake malo atatu.

"Achimwene agulitsa nyumba ya bambo ija, ya kufupi ndi mzikiti waukulu," anatero. "Tinapita kukagawana katundu. Ichi chinali pansi penipeni pa thiranki, pamwamba pake pali mabuku. Enawo amati titenthe. Ine ndinakana."

"Munachita bwino. Ubweya wake ndi wabwino, sakupanganso wotere."

"Chingadzukenso?"

"Chidzuka. Mundipatse sabata."

"Sabata ndilibe. Lachiwiri Faruku akubwera ndi lole kudzanditenga, ndikukakhala naye ku Lilongwe. Masowa akuti afunika dokotala wapafupi, ndiye ana sakufuna kuti ndizikhala ndekha." Anaimirira n'kukonza mpango wake. "Mukamaliza mupatsire kondakitala wa minibasi, adzasiya pa siteji. Amandidziwa onse."

Ndinamperekeza mpaka pamsewu pamene panaima wakabaza amene anabwera naye. Atakhala kale pa kaliyala, anatembenuka, koma sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana chipewa changa.

"Mukamakonza, muyang'anenso kuseri kwa kalamba ka m'kati," anatero. "Monga kale."

Njinga inanyamuka. Pobwerera m'nyumba ndinapeza ketulo itauma madzi, chipewa cha aphunzitsi chitaumira mokhota.

Ntchito imeneyi ndinaiphunzira kwa amalume anga, a Tedson, amene anagwira zaka khumi m'sitolo ya zipewa ku Halale. Pobwera kwawo anthu ankayembekeza njinga kapena wailesi, koma iwo anatsitsa zipika zitatu zosemedwa ngati mitu ya anthu, mabulashi awiri ndi ketulo ya mlomo wautali. Anthu anawaseka mwezi umodzi wokha. Nthawi imeneyo pa boma pano mwamuna amene anaonako migodi sankapita kutchalitchi, kukhoti kapena kuukwati mutu uli pamtunda, ndipo fumbi la kuno silikhululukira chipewa. Pofika chaka cha 1985 ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo bulashi ndi nthunzi amalume anali atandisiyira.

A Sufiyani anali ndi kasitolo ka nsalu, mchere ndi ulusi wa maukonde. Lachisanu ankavala kofia, masiku ena onse chipewa chofiirira chija, ndipo Loweruka lililonse m'mawa ankachisiya kwathu popita kumsika, n'kudzachitenga masana. Fauzia ankagulitsa m'sitolo muja. Ine ndinagula ulusi wakuda wochuluka chaka chimenecho woti n'kusokera zipewa za dziko lonse. Koma kucheza sikukanatheka: iye mwana wa Msilamu wolemekezeka, ine wa kwaya ya ku Anglican, mdzukulu wa katekisiti. Nzeru anaipeza ndi iyeyo. Loweruka lina ndikupukuta thukuta kuseri kwa kalamba kachikopa ka m'kati mwa chipewa, panagwa kapepala kopindidwa motalika, kolembedwa mawu anayi okha: "Ulusi wonsewu ukutani nawo?"

Kuyambira pamenepo a Sufiyani anakhala mtengamakalata wathu miyezi isanu ndi iwiri, osadziwa kanthu. Ankangoyamikira kuti chipewa chikuwakhala bwino.

M'mwezi wa Novembala ndinalemba kalata imene ndinaikonzekera masabata atatu. Ndinamufunsa ngati angalole kuti amalume anga akaonekere kwa amalume ake. Masana a Sufiyani anatenga chipewa chawo, n'kuchivala, n'kumapita. Loweruka lotsatira sanabwere. Linzake lija sanabwerenso. Nditakumana nawo pamsika anali atavala kofia pakati pa sabata, ndipo moni wawo unandimvekera wouma. M'sitolo munali mnyamata wina wachibale; Fauzia akuti anali atapita ku Ngala. Ndinangoti basi, atigwira, ndipo Fauziayo wasankha kukhala chete. Patapita miyezi inayi ndinamva kuti wamanga nikah, ukwati wa Chisilamu, ndi mwini maukonde wa komweko. Ndinasiya bulashi n'kukalowa ukalaliki ku esiteti ya nzimbe ku Dwangwa, kumene ndinakhala zaka makumi awiri ndi ziwiri, mtunda woti njinga n'kufika ku Ngala tiyi asanazizire. Ndinkamuona pamsika wa Dwangwa kawiri kapena katatu pachaka. Ndikamuona ku nsomba, ine ndinkakhotera ku makala. Nditapuma ntchito ndinabwerera kuno ku bulashi.

Tsiku limene anabweretsa chipewa lija sindinachikhudze. M'mawa mwake, Loweruka, ndinayamba ndi ntchito zonse zimene sizinkafuna kutembenuza kalamba. Ndinachotsa fumbi ndi bulashi yofewa, kutsata kumene ubweya unagonera. Ndinamasula liboni yakale. Ndinapala timaubweya pang'ono kunsi kwa mlomo, kumene diso silifika, n'kutiphatika m'mabowo a njenjete ndi nsonga ya singano. Dzuwa litafika pamutu panalibenso china chozembera, chifukwa chipewa sungachiveke pachipika kalamba usanakafewetse ndi mafuta.

Chikopa chinali chitauma ngati khoko la chinangwa. Ndinachitembenuza pang'onopang'ono kuti chisathyoke. Kumanzere, pamalo pomwe paja, panali kapepala ka m'kope la sukulu, kopindidwa motalika, kachikasu, kosatsegulidwapo.

Ndinasamba m'manja kaye. Sindikudziwa chifukwa chake.

"Timo," inatero kalatayo, "ndaganiza mokwanira. Ndavomera. Za mzikiti ndi tchalitchi akavutike nazo akuluakulu, ife tisayambe ndife kuopa. Mawa akundiperekeza ku Ngala kukathandiza achemwali amene angochira kumene, mwana ndi wamkazi. Uwauze amalume ako apite kwa amalume anga mwezi uno usanathe, chifukwa kunyumba kwayamba kufika anthu ena ndipo bambo akuwalandira bwino. Ndikamva kuti sanapite ndidziwa kuti zakukulira, ndipo sindidzakufunsa. Usagulenso ulusi, wakwana. Ndine Fauzia."

Ndinawerenga kamodzi kokha. Panja ana ankakuwa pothamangitsa tayala, ndipo kumzikiti kunamveka azana ya masana. Ndinakhala pa bokosi paja mpaka makala anazima. Chimene chinkandipweteka kwambiri si zaka zija ayi. Chinali choti mwezi wonse wa Novembala uja ine ndinkadutsa pakhomo pa a Sufiyani kawiri patsiku, ndipo kalata ya Fauzia inali kuseri kwa khoma lija, m'thiranki, mikono isanu kuchokera pamsewu.

Kenaka ndinakolezanso moto. Ndinachifukiza chipewa mpaka chinafewa ngati mtanda wa mandasi, n'kuchikokera pachipika chapakati, chimene amalume ankati ndi mutu wa a Sufiyani. Lamulungu nditachoka kutchalitchi ndinasita mlomo wake pansi pa nsalu yonyowa. Lolemba ndinasokerera liboni yatsopano ndi kupinda pamwamba monga mwini wake ankakondera, mzere umodzi pakati ndi timaenje tiwiri kutsogolo. Kondakitala sindinam'patse.

Lachiwiri ndinakwera minibasi yoyamba, katoni ili pamiyendo. Mayi wina wa beseni la usipa anandipempha kuti katoniyo ipite kumbuyo, ine ndinakana mpaka anandinena kuti ndanyamula mazira. Tinadutsa minda ya mpunga, kenaka nzimbe za ku Dwangwa, zimene ndinali ndisanazione chiyambire kupuma ntchito. Pa Ngala ndinatsika dzuwa litakwera ndithu, ndipo wogulitsa zitumbuwa anandilozera njira yamchenga yotsikira kunyanja.

Lole inali itafika kale. Amuna awiri ankakweza bedi, ndipo mwamuna wina wa ndevu zometa bwino ankawalangiza, foni ili kukhutu. Atandiona anaidula.

"Ndinu a zipewa aja? Amayi anati mutumiza pa minibasi. Mwavutikiranji, bambo?"

"Makondakitala amakhalira katundu," ndinatero. "Inu ndinu a Faruku?"

"Ndine. Lowani, ali m'katimo. Koma mipando yonse yakwera kale."

M'nyumba munali mbee. Pakhoma panatsala mabwalo oyera pamene panali kalendala ndi wotchi. Fauzia anali atakhala pamkeka pakati pa chipinda, akumanga makapu m'nsalu. Sanadabwe. Anatembenuza ndowa n'kundilozera kuti ndikhalepo, ine ndinavula chipewa changa n'kuchiika pabondo.

Ndinatsegula katoni. Anachitenga ndi manja awiri, n'kuchiyandikitsa kumaso, kenaka n'kuchizungulitsa ndi zala, kufufuza mabowo aja. Sanawapeze. Anachinunkhiza.

"Fungo lawo lachoka," anatero.

"Nthunzi imachotsa. Pepani."

"Palibe kanthu. Linali la thiranki, silinali lawo." Anachiika pamkeka. "Munaipeza?"

"Ndinaipeza."

"Tsiku lija bambo anatuluka m'mawa atachivala, ine ndikuona. Masana ine ndinakwera basi. Ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti chafika kwanu. Achimwene ndi amene andiuza mwezi wathawu, tikugawana katundu, kuti tsiku limenelo bambo anakumana ndi ashehe panjira, ndipo ashehewo anawapempha kuti akhale muazini. Anabwerera kunyumba n'kunena kuti munthu woitana anzake kukapemphera sangamayende ndi chipewa cha kumigodi. Anachitsekera tsiku lomwelo." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mawu. "Nditachigwira ndinamva kapepala kali momwemo. Ndinakhala pansi, a Timoteyo. Alamu anga ankayesa ndi shuga."

"Ine ndinkayesa atigwira."

"Sanadziwe kanthu mpaka kumwalira. Ankakukondani. Ankati mnyamata wa a Tedson ali ndi manja."

Panja bedi linagunda chitsulo cha lole, wina n'kudandaula chala. Fauzia anamanga mfundo ya nsalu ija, n'kuimasulanso.

"Zaka zonsezi ndinkati munawerenga n'kuchita mantha," anatero. "Ndinakukwiyirani mpaka Faruku atayamba sukulu. Tsopano ndapeza kuti simunawerenge, ndiye mkwiyo uja ndikusowa pouika. Koma chimodzi ndifunse, poti ndinalonjeza kusafunsa za kalata, osati za ichi. Ku Ngala kuno kunali kutali? Munalephera kungobwera, n'kuima pamsewu, n'kufunsa kuti kodi mwana wa a Sufiyani ali kuti?"

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'minibasi muja, koma funso limeneli sindinalikonzekere.

"Sikunali kutali," ndinatero. "Ndinkaopa kumva ndi makutu anga kuti ayi. Ndinaona ngati kukhala chete kupweteka pang'ono."

"Kunapweteka pang'ono?"

"Ayi."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo umene ankauyembekeza kale.

"Ndinamva za mayi a kunyumba," anatero. "Pepani. Sindinathe kufika pamaliro."

"Zikomo. Patha zaka zisanu ndi chimodzi. Iness anali munthu wabwino, anandipirira zambiri. Zipewa zonse zija ankazitcha akazi anzake."

"Nawonso malemu bambo a Faruku sanandivutitsepo. Anali munthu wa phokoso kunyanja, koma pakhomo ayi." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya mpango. "Kalatayo mwabwera nayo? Maso anga salola zolemba zazing'ono, ndipo sindinafune kuitsegula poti si yanga. Ndaiwala zimene ndinalemba. Ndikukumbuka liwu limodzi lokha."

Ndinaitulutsa m'thumba la jekete n'kumuwerengera, motsitsa mawu kuti a panja asamve. Anamvetsera maso ali chotseka. Nditafika pa za mzikiti ndi tchalitchi anati, "Ii, kamtsikana kameneko kanali kolimba mtima," ngati akunena mwana wa munthu wina. Nditamaliza ndinaipinda n'kumupatsa, koma anabweza dzanja langa.

"Ili ndi dzina lanu."

Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu. Mwina ndinaona kuti mantha ndinali nditawalipira kale mokwanira.

"Nyumba yanga ili ndi zipinda ziwiri zopanda anthu," ndinatero. "Chipatala cha boma chili pafupi. Amalume anga anatisiya, anunso anatisiya, koma a Faruku ali panjapa. Ndikhoza kuyankhula nawo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso aja otuwa m'mphepete. Sanaseke, ndipo ndimamuthokozabe chifukwa cha chimenecho.

"Mwezi uja unatha, Timo," anatero. "Ndili ndi adzukulu asanu ndi atatu, awiri sindinawanyamulepo. Ndikufuna ndikawaone masowa asanatsekeke. Koma wachita bwino kufunsa. Ndimafuna ndimve mmene zikanamvekera."

Faruku anasuzumira pakhomo. "Amayi, adalaivala akuti tinyamuke, msewu wa ku Salima uli ndi maenje."

Amayi ake anamuitana n'kumuveka chipewa chija. Chinamukhala ngati anachita kumuyeza. Iye anadziyang'ana pa foni, n'kuseka, n'kunena kuti akachivala ku ofesi Lachisanu. Amayi ake anamuuza kuti agogo ake ankachivala masiku onse kupatula Lachisanu. Ndinamuonetsa kagwiridwe kake, kuti azigwira mlomo osati pamwamba, ndi kuti mvula ikachinyowetsa asachiyanike padzuwa. Anandithokoza ndi ulemu wonse, osadziwa kuti akuthokoza ndani.

Ndinanyamula mkeka, Faruku ananyamula makapu. Fauzia anakhoma chitseko yekha, n'kuchikankha kawiri kuti atsimikize. Kenaka anayang'ana nyumba yoyandikana nayo.

"Mayi Mwanahalima sanabwerebe kuchigayo? Ndiwo osunga kiyi mpaka alendi apezeke."

"Tingosiya pansi pa mwala, amayi," anatero Faruku.

"Pansi pa mwala ayi, pano pamadutsa anthu ambiri." Anatembenukira kwa ine. "A Timoteyo, ngati simukufulumira, mungawadikireko? Sachedwa."

Anandiika kiyi m'manja, wa chingwe chofiira, akadali wofunda. Faruku anamukweza kutsogolo kwa lole. Sanatulutse dzanja pawindo, kapena mwina anatulutsa koma fumbi linanditchinga. Lole inakwera njira yamchenga ija movutikira, miyendo ya bedi ili m'mwamba, mpaka inakhota pa mtengo wa mango n'kusowa.

Mayi Mwanahalima anachedwa. Ndinakhala pakhonde, pa kakhoma kosalala kamene kanaoneka kuti pankakhala munthu tsiku ndi tsiku, nkhope italoza kunyanja kumene asodzi ankayanika maukonde pamchenga. Nkhuku ya eni ake inabwera kudzatola mpunga umene unatayika pokweza matumba. Kenaka panadutsa bambo wina wachilendo wa njinga ya nkhuni, n'kutsika, n'kuvula kapusi yake.

"Odi eni nyumba. Mwaswera bwanji pakhomo pano?"

Ndinafumbata kiyi uja.

"Taswera bwino," ndinayankha. "Kaya inu?"